Chaka Chimene Phiri Linapsa

Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Shedi yanga ili ku Matawale, m'mbali mwa kamsewu kafumbi, ndipo ndikaweramuka pabenchi ndimaliona phiri la Zomba lonse lili patsogolo panga. Matabwa onse amene ndapala pa moyo wanga anatsika kuchokera kumeneko, ena pa lole, ambiri pa njinga za anthu otsetsereka nawo mabuleki akulira.

Zaka zimenezo tinali ndi bungwe lathu la ocheka matabwa, akalipentala ndi ogulitsa. Bungwelo linapatsidwa chigawo china cha mitengo ya paini pamwamba pa phiri kuti tizichekamo mwadongosolo, tizibzala ina, komanso tizilambula m'malire kuti moto usalowe. Wapampando wathu anali bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, wamtali ndi wolankhula motsitsa, amene ankavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala. Tinkangowatchula kuti a Tcheya. Iwowa anakhala pampando kuyambira tsiku limene bungwe linabadwa, ndipo chisankho sichinachitikeponso.

Sindinganene kuti a Tcheya anali wakuba. Anali munthu wotopa amene anazunguliridwa ndi abale. Mitengo yonenepa, yowongoka, inkagwera akamwini awo ndi adzukulu awo. Enafe tinkatola yokhota. Nazale ya mbande inauma, mapepala ake akungouluka ndi mphepo. Udzu wa m'malire unakula mpaka kubisa munthu. Amayi otola nkhuni, amene ankakwera phiri kuposa wina aliyense wa ife, analibe mawu m'bungwemo. Tikadandaula pamsonkhano, a Tcheya ankagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Tamva, abale. Tiziona." Chaka chinkatha akuzionabe.

Munthu amene zinkamupweteka kwambiri anali mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga. Kuno kwathu munthu wotere si wamasewera. Ndiye mwini mbumba, malume a ana anga, ndipo pakhomo panga pakagwa nkhani mawu ake amalemera kuposa anga. Anakhalako ku Joni zaka zingapo, nabwera ndi maso akuthwa ndi kamalo kogulitsira matabwa kufupi ndi msewu waukulu. Ankakonda kubwera kushedi kwanga masana, kukhala pampando uliwonse wosamaliza, n'kumayankhula ine ndikupala.

"Alamu," ankatero, "inu mukuganiza kuti anthu athuwa amasintha chifukwa chowafotokozera bwino? Ayi. Taonani dziko lomweli. Zonse zazikulu zimene zinasintha, zinasintha anthu atafika pakhosi. Mafuta asowe, chimanga chisowe, ndiye mumaona anthu akudzuka. Kukakhala kakudya pang'ono m'mimba, aliyense amangoti tiziona."

Ine sindinkavomera. Ndinkamuuza kuti zinthu zina zinasintha popanda phokoso. Pamene ndinali mwana, kumudzi kwathu atsikana ankalekera sukulu panjira ndipo palibe ankadabwa, koma lero ana anga aakazi ndi amene ali patsogolo m'kalasi. Sindikumbukira tsoka lililonse limene linabweretsa zimenezo. Anthu anangoona kwa anzawo n'kutengera.

"Zimenezo n'zapakhomo," ankayankha. "Ine ndikunena za mipando. Munthu sachoka pampando chifukwa waona kwa anzake. Amachoka mpandowo ukatentha."

Tinayesapo njira yanga. Tinayenda m'mashedi ndi m'malo ochekera, kupempha anthu kuti pamsonkhano wotsatira tidzafunse chisankho. Aliyense anavomera, ena mpaka kumenya pachifuwa. Tsiku la msonkhano mlamu wanga anaimirira, nanena mwaulemu ndithu. Ine ndinaimirira pambuyo pake. Nditatembenuka kuti ndione ena aja, ndinapeza wina akumanga chingwe cha nsapato, wina akuthamangitsa ntchentche, ena onse maso ali pansi. A Tcheya anatithokoza chifukwa cha maganizo abwino, natseka ndi pemphero. Pobwerera mlamu wanga sanakwiye monga ndinkayembekezera. Ankaimba mluzu.

Chilimwe cha chaka chimenecho malonda anali atafa. Anthu sankagula mipando, ngakhale mabedi a ana a sukulu a ku Chikanda ankangokhala pashedi kudya fumbi. Ndiye ndinadabwa tsiku lina nditapita kwa alamu n'kupeza akukulitsa malo awo. Anadula mtengo wa gwafa umene unkawapatsa mthunzi, anasalaza pansi, anasuntha mpanda mpaka kumalire. Pakona panali makina ocheka atsopano, okutidwa ndi lona.

"Kodi alamu, malo onsewa muikapo chiyani? Matabwa ake ali kuti?" ndinafunsa.

"Munthu amakonzeka," anatero. Kenaka anandifunsa za chifuwa cha mwana wanga wamng'ono, nkhani n'kupita kwina.

Moto unabuka Loweruka lina masana, kukutentha, mphepo ikuwomba mwamphamvu. Ndinali kupala chitseko pamene mkazi wogulitsa mandasi pafupi ndi shedi anati, "Taonani kuphiri!" Utsi unali utayamba kukwera, woyera poyamba, kenaka wakuda bii. Ndinaudziwa malo ake nthawi yomweyo. Chinali chigawo chathu.

Tinakwera pa kalole kena, anthu odzaza, ena ndi zikwanje, ena manja okha. Titafika tinapeza kuti palibe chochita. Paini akagwira moto salira ngati udzu, amabangula, ndipo moto umadumpha pamwamba kuchoka pa mtengo kupita pa unzake. Tinathyola nthambi zaziwisi n'kumamenya m'mphepete, koma tinkangodzinamiza. Maso ankawawa, m'khosi mouma gwa. M'malire muja tinkayenera kulambula, udzu wouma unanyamula moto n'kuulowetsa mkati ngati wauitana.

Kumeneko ndi kumene tinakumana ndi amayi otola nkhuni akuthawa, mitolo atataya. Mmodzi wa iwo, mayi wamasiye wa ku Matawale konkuno amene ndinkamugula nkhuni, anali atapsa dzanja lamanja kuyambira pa chigongono mpaka ku zala. Nthambi yoyaka inamugwera pamene ankakoka mnzake amene anapunthwa. Sankalira. Ankangoliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Tinatsika naye phiri pa lole yomweyo kupita kuchipatala. Tili m'njira, mmodzi wa anzake anandiuza chinthu chimene chinandikhala m'mutu.

"Bambo, motowu sunachokere mbali imodzi. Ife tinathawira kumtunda, tinaupeza. Tinakhotera kumtsinje, tinaupezanso. Unayamba malo angapo nthawi imodzi."

Mlamu wanga sanali nafe tsiku limenelo. Anali ku ukwati ku Malosa. Mkazi wanga, amene anapita nawo, anabwera akuseka kuti achimwene avina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anakhala kutsogolo, analankhula pa maikolofoni kangapo, aliyense wawaona. Munthu ameneyu ndinamudziwa zaka zambiri, ndipo maukwati ankadana nawo. Ankati ndi kotayirako nthawi. Ngakhale pa ukwati wanga anachoka mpunga usanagawidwe.

Msonkhano wonga umene unatsatira sindinauonepo chiyambire. Anthu anadzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo. Aja omanga zingwe za nsapato ndi amene ankakuwa kwambiri. A Tcheya ataimirira kuti atsegule ndi pemphero, wina anafuula kuti, "Mapemphero akwana, madala!" Mkulu uja anayang'ana uku ndi uku, nakhala pansi. Mlamu wanga anali atapita yekha kukatenga mayi wopsa uja, dzanja lili m'mabandeji, namukhazika pampando kutsogolo penipeni pamene aliyense amuone. Sanamupemphe kuti alankhule. Mlamu wangayo ndiye analankhula, akuloza dzanjalo.

Zimene zinakanika zaka zonse zija zinatheka masana amodzi. Tinagwirizana kuti wapampando azikhala nthawi yoikika kenaka azichoka. Amayi a nkhuni anapatsidwa mipando m'komiti, ndipo mayi wopsa uja anakhala woyamba. Mitengo yocheka izigawidwa pochita maere, osati poyang'ana nkhope. Kulambula m'malire kuzichitika chaka ndi chaka, ndipo wojomba asachekenso. Posankha wapampando, anthu anaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Mzere wa mlamu wanga unakhota mpaka kuseri kwa bwalo. Inenso ndinali momwemo, chifukwa zonse zimene ananena zinali zimene ndinkazifuna.

Chisankho chitatha mlamu wanga anandigwira paphewa. "Mwaona, alamu? Anthu omwewa, makutu omwewa. Chasintha n'chiyani?"

Mvula itayamba, madzi a m'mipopi m'tauni anatuluka ofiira, nthawi zina onunkha phulusa. Apo ndiye anthu a m'maofesi, amene sankadziwa n'komwe kuti kuli bungwe lathu, anakumbukira kuti madzi amene amamwa amachokera kuphiri. Anabwera ndi magalimoto, ana a sukulu yaukachenjede anabwera atavala malaya ofanana, aliyense kubzala kambande kamodzi n'kujambulitsa. Sindikunyoza. Mbande zambiri zinagwira, ndipo nazale inakhalanso yobiriwira.

Koma mitengo yopsa siidikira. Paini akapsa kunja, mkati amakhala bwinobwino, koma ukachedwa kumudula amayamba kuda ndi kufumbwa. Choncho komiti yatsopano inalamula kuti chaka chimenecho maere adikire kaye, aliyense amene ali ndi zida adule msanga. Zinali zomveka, palibe akanatsutsa. Kungoti anthu ambiri anali ndi masowo a manja, ocheka awiriawiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Amene anali ndi makina, lole ndi malo aakulu osanjapo matabwa anali mmodzi.

Mwini lole imene inkatuta matabwa a alamu anali bambo wina wachisilamu, wamalonda wa m'tauni, munthu wansangala wokonda kucheza. Tsiku lina ananditsitsira matabwa pashedi, nakhala pansi kumwa madzi.

"Alamu anu aja ndi munthu woona patali," anatero akupukuta thukuta ndi kachipewa kake. "Ine chaka chino ndinafuna kupita kukatuta nandolo kumidzi, monga ndichitira nthawi zonse. Iwo anati ayi, lole ikhale pafupi, kudzakhala ntchito yambiri kuphiri. Ndinawakayikira, koma taonani."

"Anakuuzani liti zimenezo, bwana?"

"Aa, kale. Nandolo asanayambe n'kuuma komwe."

Ananena mosabisa, ngati munthu woyamikira mnzake. Anatsanzika, nakwera lole yake. Ine ndinatsala nditagwira thabwa, osadziwa kuti ndimafuna kulitani.

Madzulo ake ndinamuuza mkazi wanga tikutola zovala pa chingwe. Ndinamuuza za mpanda, za makina, za ukwati wa ku Malosa, za lole. Anandimvetsera mpaka kumapeto, napinda nsalu imene inali m'manja mwake mosamala kwambiri.

"Ndiye mukufuna kunena chiyani za achimwene?"

"Sindikunena kanthu. Ndikungoona."

"Mukunena. Tamverani, bambo a ana. Ndani mu Zomba muno sankadziwa kuti phiri lija lipsa? Inuyo simunkanena tsiku ndi tsiku kuti udzu uja udzatiphetsa? Osaka mbewa amayatsa. Ofuna uchi amayatsa. Owotcha makala ali thoo m'menemo. Nanga aja anamanidwa mitengo zaka zonsezi, anali achimwene okha? Munthu akaona mitambo n'kufolera nyumba, ndiye kuti mvula wabweretsa ndi iyeyo?"

Zonse zimene ananena zinali zoona. Koma anawonjezera mawu ena motsitsa, osandiyang'ana: "Nkhani imeneyi isatuluke pakhomo pano. Ana awa malume awo ndi omwewo." Mawu amenewo ndi amene anandisowetsa mtendere kuposa onse. Sindinadziwe ngati akuteteza mbale wake ku bodza, kapena nayenso ali ndi zimene anaona.

Ndinadzamufunsa mlamu wanga mwini wake tsiku lina tikubzala mbande kuphiri. Kunali nkhungu, pansi pali poterera, zitsa zakuda zili mbwee mbali zonse. Tinatsalira awiri kumapeto kwa mzere. Ndinazungulira nayo nkhaniyo, kunena za mwini lole, za mwayi wa makina ofika pa nthawi yake. Anaimika khasu, nandiyang'ana akumwetulira.

"Alamu, funsani bwinobwino. Mukufuna kudziwa ngati ndinayatsa?"

Ndinawerama kutola mbande, iye n'kupitiriza.

"Sindinayatse. Mukufuna kudziwa ngati ndinalira utayaka? Sindinalire. Ndinaona udzu, ndinaona mkulu uja ali m'tulo, ndinadziwa kuti tsiku likubwera. Ndinakonzeka n'kudikira. Kudikira ndi mlandu?"

"Mukanatha kutenga anthu n'kukalambula nokha," ndinatero. "Tikanapita. Ine ndikanapita."

"Tikanalambula, ndiye phiri silikanapsa, ndiye a Tcheya akanakhala pampando mpaka lero, akamwini awo akudya mitengo yonenepa. Mukanakonda zimenezo?" Anatola mbande ina, naiika m'dzenje, naponda dothi ndi chidendene. "Dzalani, alamu. Mvula ikubwera."

Mpaka lero sindidziwa ngati anandiuza zoona. Nthawi zina ndimaganiza kuti inde, ndipo ndimachita manyazi pomuganizira zoipa munthu amene wathandiza ana anga m'zambiri. Nthawi zina ndimakumbukira kuti moto unayamba malo angapo. Koma ngakhale zitakhala kuti sanagwire machesi, yankho lake lija silinandikhazike mtima pansi. Munthu amene amakhulupirira kuti anthu sasintha popanda tsoka, akaona tsoka likubwera salitchinga. Amalisiyira njira.

Zosintha zija zina zinakhalitsa. M'malire timalambula chaka chilichonse, ndipo amayi a m'komiti salola kuti tijombe. Maere anabwerera, ngakhale kuti mitengo yocheka inatsala yochepa kwambiri. Nthawi ya mlamu wanga itakwana, anachoka pampando monga mwa lamulo, anthu n'kuwomba m'manja. Kungoti komiti inapanga udindo watsopano wa mlangizi, umene ulibe malire a zaka, n'kumupatsa iyeyo, ndipo mpando wake umaikidwa pafupi ndi wa wapampando. Wapampando watsopanoyo, mnyamata wabwino ndithu, akafunsidwa funso amayamba wayang'ana kumanzere kwake asanayankhe.

A Tcheya akale aja sanabwerenso kumisonkhano. Ndinawaona kamodzi kokha, chaka chomwecho cha moto, atabwera pashedi ndi mpando wothyoka mwendo atamangirira pa njinga. Anali ataonda, jekete likulendewera m'mapewa. Ndikukonza mpandowo ankangoyang'ana kuphiri.

"Mwana wanga," anatero kenaka, "ine ndinalakwa. Udzu uja sindinalambule, ndipo abale ndinawalekerera. Zimenezo ndikayankha kwa Mulungu. Koma ndakhala m'phiri lija kuyambira ndili mnyamata. Moto wa osaka mbewa ndimaudziwa, umayambira kumunsi, m'mphepete mwa minda. Uja unayambira mkati."

"Mukuganiza kuti anali ndani, bambo?"

"Sindinaone munthu," anatero. Anatenga mpando wawo, nandithokoza, nakankha njinga osakwera.

Anamwalira chaka chotsatira, nthawi yozizira. Ana awo anabwera kwa ine kuti ndikhome bokosi. Mwana wawo wamkazi anandikokera pambali n'kundipempha kuti, ngati n'kotheka, matabwa ake asakhale a mitengo yopsa ija. Ndinazungulira m'mashedi onse, ku Matawale, ku Chikanda, mpaka kumsika waukulu. Paini yense amene anali mu Zomba nthawi imeneyo anali wa moto uja, ndipo wambiri anadutsa pamalo pa mlamu wanga. Ndinabwerera kukamuuza mwana wawoyo zoona. Anapukusa mutu, nati ndikhome basi. Ndinasankha matabwa oyera kwambiri, ndinadula m'mbali mwakuda monse, ndinapala mpaka mikono kuwawa. Fungo la utsi lokha silinachoke.

Pamaliro mlamu wanga analankhula m'malo mwa bungwe. Anayamikira malemu kuti anali tate wathu, woyambitsa zonse, munthu wamtendere. Analankhula bwino moti amayi ena analira.

Pobwerera kumanda ndinayenda limodzi ndi mayi wopsa dzanja uja. Dzanjalo linapola, koma zala zinakhala zopindika, khungu lonyezimira ngati pulasitiki. Kuphiri anasiya kukwera chifukwa sangathenso kumanga mtolo kapena kuutukula. Masiku ano amagulitsa tomato ndi anyezi pakhonde la mchemwali wake. Ndinamufunsa za komiti, ngati amamumvera.

"Amandimvera ndithu," anati. "Ndikalankhula amakhala chete. Alendo akabwera amandiitana kuti ndikhale kutsogolo."

Kenaka ndinamufunsa chimene ndinkafuna kufunsa kuyambira kale, ngati iye amaona kuti zinthu zikanasintha popanda moto uja.

Anaima, nasintha dengu lake kuchoka m'khwapa lina kupita lina, pogwiritsa ntchito dzanja lamanzere.

"Anthu ambiri amandiuza kuti moto uja unatithandiza," anatero. "Amanena pamaso panga, akumwetulira. Mwina n'zoona, ine sindidziwa. Koma akanandifunsa m'mawa wa tsiku limene lija kuti mayi, tipatseni dzanja lanu kuti bungwe likonzeke, ndikanakana."

Tinafika pamphambano pamene njira yake imapatukira kumunsi. Anandiuza kuti ndikapereke moni kwa mayi a kunyumba, ndipo anandikumbutsa kuti benchi yake yoikapo tomato yayamba kugwedera, ndidzapite kukaiona ndikapeza mpata. Ndinapita Lolemba lake, ndi hamala ndi misomali.